Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko: Kudzisamalira Kuti Chikondi Chilimbe

Funsoli limabwera litavala zovala zosiyanasiyana, koma ndi limodzi lomwelo. Wina amati, "Amuna anga sayankhula, ndiwatani?" Wina amati, "Mkazi wanga sachedwa kupsa mtima." Wina chibwenzi changozizira ngati phulusa la dzulo, ndipo sakudziwa kuti moto unazima liti. Onsewa amathera pamodzimodzi: "Ndichite chiyani kuti asinthe?" Ndayankha mpaka malovu kuuma, ndiye ndaganiza zolemba kamodzi kuti wofunsa mawa ndizingomupatsa awerenge.

Sindinaonepo munthu wamkulu atasintha chifukwa chokakamizidwa ndi mnzake. Amene mungathe kumuwongola ndi mmodzi yekha, inu eni, amene mumafika madzulo mutatopa kapena mutapuma, muli ndi njala kapena mutakhuta, mutasenza mangawa kapena mutawatula. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Poti mwamva kupweteka mpaka kufunsa ndinu, tiyambira pa inu.

Pali mawu awiri amene anthu amawasokoneza: kudzikonda ndi kudzisamalira. Wodzikonda amatenga gawo la mnzake kuphatikiza pa lake. Wodzisamalira amasunga thanzi, maganizo ndi mphamvu zake kuti akhale ndi choti agawane ndi mnzake. M'munsimu ndikunena za kudzisamalira.

Chinanso tisanayambe. Ngati mnzanuyo amakumenyani, kukuopsezani, kukukakamizani kugonana, kukulandani ndalama kapena kukuletsani kuonana ndi abale, malangizo awa si anu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lapansi amamenyedwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana pa moyo wake, ndipo kawirikawiri wochita zimenezi amakhala mwamuna wake kapena chibwenzi chake. Amuna enanso amazunzidwa. Nkhanza sizitha chifukwa choti wozunzidwayo wayamba kugona bwino kapena kuyankhula mofatsa. Uzani munthu wodalirika, pitani kuchipatala kapena kupolisi, mupulumutse moyo kaye.

1. Kwa masabata awiri, ingolembani

Musasinthe kalikonse kaye. Pezani kabuku kapena lembani mufoni. Usiku uliwonse yankhani mafunso anayi: ndinagona maola angati, ndadya nthawi yanji, chandisautsa masana n'chiyani, tayambana kapena ayi. Basi.

Masiku 14 akakwana, werengani kuyambira pamwamba. Ambiri amadabwa kuona kuti mikangano imagwa pa masiku ofanana: tsiku limene anagona mochedwa, limene abwana anawakalipira, limene wangongole anaimba foni, limene anaswera osadya. Pakamwa nkhani imakhala ya mbale zosatsuka kapena uthenga wosayankhidwa, pomwe moto unayakira kwina.

Pali kafukufuku wina amene amandiseketsa mpaka lero. Mu 2014 Brad Bushman wa pa Ohio State University ndi anzake anafotokoza zimene anapeza atatenga mabanja 107 n'kupatsa aliyense kachidole koimira mkazi kapena mwamuna wake, pamodzi ndi mapini 51. Kwa masiku 21, usiku uliwonse munthu ankabaya kachidoleko molingana ndi mmene wakwiyira ndi mnzake, uku akuyeza shuga wa m'magazi ake. Amene shuga wawo anali wotsika ndi amene ankabaya mapini ambiri. Cha m'nthawi yomweyo Amie Gordon ndi Serena Chen, amene anali pa yunivesite ya California ku Berkeley, anasonyeza kuti munthu akagona movutikira, mawa lake amakangana kwambiri ndi wokondedwa wake, ndiponso sazindikira msanga mmene mnzakeyo akumvera.

Cholakwika chofala apa ndi kusandutsa kabukuko kukhala buku la milandu. Mukaona kuti mwalemba "iye anati" katatu patsamba limodzi, mwasochera. Ng'ambani tsambalo muyambirenso.

2. Konzani thupi, poti ndilo losavuta

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi, ndipo kuyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku asanu kwakwana poyambira. Nkhani zolemera musamaziyambe muli ndi njala, mutamwa mowa, kapena pakati pa usiku. Ambirife tinauzidwa kuti tisamagone nkhani isanathe. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kunena kuti, "Tikambirana mawa titapuma, sindine mdani wanu," kusiyana ndi kulimbana mpaka tambala woyamba n'kutulutsa mawu amene sadzabwereranso m'kamwa.

Koma onani ichi. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala okhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene munkakondwera nazo sizikukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, amenewo akhoza kukhala matenda ovutika maganizo. Amachizika, mwa uphungu kapena mankhwala, kapena zonse ziwiri. Ndaonapo anthu akuthetsa chibwenzi chabwinobwino poganiza kuti chikondi chatha, pomwe chimene chinatha ndi kukoma kwa chilichonse. Kaonaneni ndi dokotala musanagamule za mnzanu. Ngati maganizo ofuna kudzipha akukubwererani, uzani munthu lero lomwe.

3. Phunzirani kuima mtima ukathamanga

John Gottman, katswiri wa za maganizo amene ankagwira ntchito pa University of Washington ku Seattle, anatha zaka zambiri akuonerera mabanja akukangana atawamangirira zida zoyezera kugunda kwa mtima. Iye ndi mnzake Robert Levenson anaona kuti thupi limaulula zimene pakamwa pakubisa. Mtima ukamagunda kopitirira ka 100 pa mphindi, munthu samvanso zimene akuuzidwa, chifukwa thupi lakonzekera kumenya kapena kuthawa. Kuti libwerere m'malo mwake pamafunika mphindi zosachepera 20.

Dziwani zizindikiro zanu. Ena nkhope imatentha, ena nsagwada zimalimba, ena mawu amakwera okha, ena mutu umangoti zii. Ngati mukufuna kutsimikiza, gwirani mtsempha wa padzanja muwerenge kugunda kwake kwa masekondi 15. Kukapitirira ka 25, mwadutsa malire. Sindikunena kuti muzitulutsa wotchi pa mkangano uliwonse. Yesani kawiri katatu kuti mudziwe mmene thupi lanu limamvekera likafika pamenepo.

Tsopano siyanitsani kupuma ndi kunyanyala. Kunyanyala ndiko kungoti ndwii, kutembenukira kukhoma, kusiya mnzako akuyankhula ndi msana wako, osanena kuti ubweranso liti. Chimenecho ndi chilango. Kupuma kuli ndi mawu ake: "Mtima wanga wathamanga, ndikayankhula pano ndilakwitsa. Ndipatseni mphindi 30, ndibwera tipitirize." Ndipo mubweredi, tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Mukalephera kubwera kawiri, mnzanu sadzakukhulupiriraninso pa mawu amenewa.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Gwirizanani za kupumaku pa tsiku lamtendere, chifukwa mukakayambitsa pakati pa ndewu mnzanu adzaona ngati mukumuthawa.

Ine ndinkalakwitsa pano. Ndinkatuluka ndithu, koma ndikuyenda uku ndikusula mayankho, ndipo pobwera ndinkakhala ndi mfundo zisanu ndi mtima wotentha kuposa poyamba. Mphindi 20 zija n'zoziziritsira thupi. Sambani, sesani, pumani mpweya pang'onopang'ono, chitani chilichonse chimene chichotse maganizo pa mlanduwo.

4. Dziwani chilonda chanu chakale

John Bowlby, dokotala wa ku Britain, ndi Mary Ainsworth anafufuza mmene mwana amakakamirira kwa womulera ndi zimene amachita womulerayo akachoka. Mu 1987 Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anasonyeza kuti akuluakulu amachitanso zofananazo m'chikondi. Mwa anthu 100 aliwonse amene anayankha mafunso awo, pafupifupi 56 anali okhazikika mtima: amatha kudalira mnzawo popanda kuopa kusiyidwa. Pafupifupi 19 anali okakamira, amene foni ikangolira osayankhidwa mtima uli phaa, ndipo amaimba kasanu. Ena 25 anali othawa, amene chikondi chikayandikira kwambiri amamva kubanika n'kubisala m'ntchito kapena m'chete.

Tsoka lake, wokakamira ndi wothawa akapezana amakolezerana moto. Wina akathamangitsa, wina amathawa. Akathawa, woyamba uja amawonjezera liwiro. Aliyense amalumbira kuti anayamba ndi mnzake.

Ntchito yanu ndi kumaliza chiganizo ichi polemba: "Mnzanga akachita chakuti, ndimaopa kuti chakuti, ndiye ndimachita chakuti." Mwachitsanzo: "Akachedwa kubwera osandiuza, ndimaopa kuti sindine wofunika kwa iye, ndiye ndimamulandira ndi mafunso ngati wapolisi." Gawo lapakatilo ndiye lovuta kulemba, chifukwa mkwiyo sumachititsa manyazi ngati mmene mantha amachitira. Mukalipeza, muuzeni mnzanu pa nthawi yabata, mwa mawu omwewo.

Pewani zinthu ziwiri. Musasanduke dokotala wa mnzanu, womuuza kuti "iwe ndiwe wothawa." Komanso musabisale kumbuyo kwa mawu akuti "ndi chibadwa changa." Makhalidwe amenewa anaphunziridwa, ndipo amatha kusintha munthu akakhala nthawi ndi wokondedwa wodalirika kapena akathandizidwa ndi mlangizi. Chilonda chikufotokoza chifukwa chake mumalumpha mukakhudzidwa pamenepo, koma kuchitsuka ndi udindo wanu.

5. Musasenzetse munthu mmodzi denga lonse

Ambiri akalowa m'chikondi amataya anzawo, amasiya zimene ankakonda, kenako n'kuyembekezera kuti munthu mmodzi akhale wokondedwa, bwenzi la pamtima, mlangizi, woseketsa, ndi dokotala. Mutu umodzi susenza denga. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Harvard ku America amene anayamba mu 1938 n'kutsatira amuna 724 mpaka kuukalamba anapeza kuti amene ankakhutira ndi maubwenzi awo ali ndi zaka 50 ndi amene anali athanzi kwambiri atafika zaka 80. Maubwenzi amenewa si a m'banja okha. Abale ndi anzako akuwerengedwa momwemo.

Sankhani anthu awiri amene munawataya, muwaimbire sabata ino. Sankhaninso chinthu chimodzi chanuchanu, kaya kuimba, kusoka, mpira, kulima maluwa kapena maphunziro, muchipatse nthawi yake pa sabata.

Chenjerani ndi bwenzi lobisa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati pali uthenga umene simungafune kuti mnzanu auwerenge, mwayamba kale kupatuka. Musamatulenso mkangano uliwonse kwa anzanu. Inu mudzakhululuka pofika Lachitatu, iwo adzakumbukirabe chaka chamawa.

6. Mukayamba kusintha, musayembekezere nthungululu

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha. Amathera pamwambapa, ngati kuti mukangogona bwino n'kupezanso anzanu, mnzanu adzakuomberani m'manja. Zimene ine ndaona n'zakuti miyezi yoyambirira zinthu zimavuta kuposa kale. Walira mvula walira matope.

Chifukwa chake n'chakuti anthu awiri amazolowerana ngakhale pa zoipa. Kale munkati mukakwiya mumakalipa, iye n'kukhala chete, mawa wina n'kupepesa. Gule ameneyu anali woipa, koma aliyense ankadziwa poponda. Lero mwasiya kukalipa, mukuti "ndipatseni mphindi 30." Mwayamba sukulu yamadzulo, mwachepetsa mowa, mwayamba kukana zina zimene munkangovomera. Kwa inu kumeneku ndi kukula. Mumtima mwa mnzanu muli funso limodzi: munthuyu akafika kumene akupitako, ine ndidzakhala ndili pati?

Mantha amenewa kawirikawiri satuluka ngati mantha. Amatuluka ngati chipongwe: "Ndiye mwasanduka aphunzitsi tsopano?" Amatuluka ngati nsanje: "Ukudzikonzera ndani?" Nthawi zina mnzanu amakuputani dala, kuti aone ngati munthu wakale uja alipobe. Ambiri akafika pano amabwerera m'mbuyo kuti mtendere ubwere, n'kusunga mangawa mumtima. Ena amapitirira okha mokwiya, akuti "ameneyu sakufuna ndipite patsogolo." Njira ziwiri zonsezi zimathera pamodzi. Yesani izi.

Choyamba, nenani musanayambe, ndipo chifukwa chake chichokere pa vuto lanu. "Ndaona kuti ndikafika kunyumba ndimakhala wolusa, ndiye ndikufuna ndiziyenda kaye mphindi 30 ndisanalowe" ndi mawu amene munthu angawalandire. "Ndikufuna mpata chifukwa mumanditopetsa" ndi chiyambi cha nkhondo, ngakhale kuyenda kwake kuli komweko.

Chachiwiri, tchulani zimene sizikusintha. Inu mukudziwa kuti simukuchoka, koma mnzanu sali m'mutu mwanu. Nenani poyera: "Sindikupita kulikonse. Ndikufuna ndizibwera kwa inu ndili munthu wopuma." Kamodzi sikokwanira. Mudzabwereza mpaka kutopa, ndipo mudzafunika kusonyeza ndi zochita: ngati munali ndi chizolowezi chocheza musanagone, chimenecho chisafe chifukwa cha maphunziro anu.

Chachitatu, werengerani amene akulipira kukula kwanuko. Maola amene mwatenga achokera kwinakwake. Pamene muli kokathamanga kapena m'kalasi, ana akuyang'anira ndani, akuphika ndani, ndalama yake yachoka pa chiyani? Ngati mukukulira pamsana pa mnzanu, kudandaula kwake si nsanje, ali ndi mfundo. Mwatenga madzulo awiri pa sabata, mupatseninso ake awiri, ndipo pa madzulo amenewo ntchito zake zikhale zanu, mosanyinyirika.

Chachinayi ndicho choopsa kwambiri. Gottman anatchula makhalidwe anayi amene amagwetsa banja: kudzudzula umunthu wa mnzako m'malo mwa chimene walakwitsa, kudziikira kumbuyo nthawi zonse, kunyanyala, ndi kunyoza. Mwa anayiwa, kunyoza ndiko kumene kumalosera kwambiri kuti anthu adzasiyana. Tsono palibe munthu wosachedwa kunyoza ngati amene wangosintha kumene. Wasiya mowa mwezi watha, lero akuyang'ana botolo la mnzake ngati ndowe. Wawerenga mabuku awiri, lero chiganizo chilichonse chikuyamba ndi "vuto lako ndi lakuti." Kunyoza sikulira mawu ambiri. Kutsonya, kuja kokoka mpweya m'mano, kumakwanira. Kupinda milomo, kuusa moyo mokweza, "iwe sungamvetse zimenezi." Mukadzimva mukuchita zimenezi, dziwani kuti zonse mwachita pa sitepe 1 mpaka 5 zasanduka chibonga. Kumbukirani kuti miyezi itatu yapitayo munali pomwe mnzanu alipo, ndipo palibe anakukokani ndi chingwe.

Chachisanu, funsani za maloto ake. Caryl Rusbult ndi anzake, mu 1999, anatcha khalidwe lina la okondana dzina la Michelangelo, wosema miyala wa ku Italy, amene amanenedwa kuti ankaona chifanizo chili kale m'mwala, ntchito yake n'kungochotsa zochiphimba. Anapeza kuti chikondi chimayenda bwino pamene aliyense akuthandiza mnzake kukhala munthu amene mwiniwakeyo akufuna kukhala. Mukamamusema kuti afanane ndi chithunzi cha m'mutu mwanu, mukuswa mwala. Funsani kuti, "Pali chimene munkalakalaka kuchita chimene munachisiya panjira?" Mukatero khalani chete mumve. Mwina inu mumafuna ayambe kuthamanga nanu m'mawa, pomwe iye amafuna kuphunzira gitala. Thandizani gitalayo.

Muyeneranso kusiyanitsa mantha ndi ulamuliro. Munthu wamantha amafewa pakapita masabata akaona kuti mukubwerabe kwa iye. Chipongwe chimachepa, mafunso enieni amayamba. Munthu wofuna kulamulira amalimba: amabisa makiyi, amang'amba mabuku, amafufuza foni, amaika malamulo a amene mungacheze naye. Mukaona zimenezi, bwererani ku chenjezo lija ndinapereka poyamba.

Sindikunamizani kuti zonse zimatha bwino. Nthawi zina pakatha miyezi mumaona kuti njira zanu zinasiyana kale, kungoti kutopa kunkaphimba. Ine ndimati perekani miyezi ingapo mukuchita zisanu zili pamwambazi moona mtima, ndipo ngati n'kotheka kaonaneni ndi mlangizi wa mabanja muli awiri, musanagamule kalikonse. Chigamulo chotero chimafuna munthu wogona bwino, masana, mtima ukugunda mwakale.

7. Khalani pansi kamodzi pa sabata

Sankhani tsiku ndi ola, mphindi 30 zokha. Aliyense ayankhe mafunso atatu: chandikomera n'chiyani sabata ino, chandilemera n'chiyani, ndikufuna undithandize pati sabata ikubwerayi. Yambani ndi chokoma. Gottman anapeza kuti mabanja olimba, ngakhale pokangana, amakhala ndi mawu kapena zochita zabwino zisanu pa choipa chimodzi chilichonse. Anapezanso kuti mikangano pafupifupi 69 mwa 100 iliyonse ndi yosatha, chifukwa imachokera pa kusiyana kwa chikhalidwe cha anthu awiriwo: wina wosunga ndalama, wina womwaza, wina wokonda alendo, wina wokonda bata. Musataye mtima nkhani yomweyo ikabweranso mwezi wamawa. Chofunika n'chakuti muzitha kuikamba popanda kubayana.

Kamodzi pa mwezi, m'malo mokhala pansi, chitani chinthu chimene nonse simunachitepo. Arthur Aron ndi anzake, mu 2000, anamanga okondana manja ndi miyendo pamodzi n'kuwauza kuti akwawe atapanikiza pilo pakati pawo. Amene anachita zoseketsazi anatuluka akukhutira kwambiri ndi chikondi chawo kuposa amene anapatsidwa ntchito wamba. Inu simukufunika chingwe; kuphika chakudya chachilendo kapena kuyenda njira imene simunadutsepo kwakwana.

Ulendo woyamba mudzamva ngati muli pamsonkhano wa kuntchito, ndipo mmodzi wa inu adzaseka. Musiyeni aseke. Mafoni akhale m'chipinda china, ndipo amene anayamba kuyankhula sabata yatha, sabata ino ayambe ndi kumvetsera.